Flash ya Chinkhoswe pa Laptop ya Magetsi

Laptop ya kuntchito kwa Fumbani inagwidwa ndi virus m'nyumba mwathu ku Erdington, mu Birmingham kuno ku England, Lamulungu masana, anthu atadzaza mpaka pa masitepe. Ndipo inagwidwa chifukwa cha chinkhoswe changa chomwe. Mpaka pano ndikakumbukira mutu umatentha.

Ndiyambe bwinobwino. Ine ndine Doreen, Fumbani ndi amene akundikwatira. Chinkhoswe chathu chinachitika ku Balaka mu January, eni akefe tili konkuno. Ine ku dentist komwe ndimagwira pa reception anandikaniza leave, iye naye kuntchito kunali kothina, ndiye makolo anati palibe vuto, tichita tokha. Msuweni wanga Nellie anaimira ine, mng'ono wake wa Fumbani anaimira mkulu wake. Wa studio ina pa Balaka anajambula zonse n'kuika pa flash, flash inakwera ndege mu handbag ya mayi ena a kutchalitchi. Tsiku loonera linali Lamulungu limenelo, tikaweruka ku service. Amami anaphika ngati ukwati weniweni.

Tsopano ntchito ya Fumbani muidziwe, apo ayi simumvetsa chifukwa chake ndinkafuna kulira. Iye anaphunzira zamagetsi, koma kuno anayamba ndi kunyamula ma box ku warehouse ku Wolverhampton. Chaka chatha ndi pamene anapeza ntchito ya zomwe anaphunzira. Kampani yake si zija za pa TV ayi. Ndi kakampani ka anthu anayi, kumudzi kwina kumapiri kupitirira Stoke. Ali ndi ka turbine, kamakina kopanga magetsi ndi madzi, pamtsinje ndi mawaya awoawo opita m'nyumba za pamudzipo, kumafamu a ng'ombe zamkaka ndi ku care home imodzi yosamalira okalamba. Work permit yake ndi ya kampani imeneyo basi. Ntchito ikatha, permit yatha, munthu azikalongedza. Ukwati wa mu August mungouiwala.

Weekend imeneyo anali on call, ndiye anabwera ndi chikwama chake chakuda. Mmene zimakhalira, kukalakwika china ku turbine, text imabwera pa foni, iye amatsegula laptop, kulowa mu computer yoyendetsa turbine ali konkuno, n'kukonza. Lamulo lake ndi limodzi: mu laptop imeneyo simulowa china chilichonse chosakhala cha kuntchito.

Anthu adya, akhuta, akhala pansi. Kuyang'ana DVD player yathu, ilibe pobaya flash. Computer ya m'nyumba inafa kalekale, ukaiyatsa imangolira ngati chigayo. Azimayi ayamba kudandaula kuti ena ali ndi night shift. Pamenepo ndi pamene maso a adadi anga, a Lackson, anagwera pa chikwama chija.

"A Msiska," adadi amamuitana choncho Fumbani, "m'chikwamamo si computer?"

Fumbani anali pa ka stool kufupi ndi chitseko, manja pamawondo, monga mkamwini. "Ndi ya kuntchito, bambo."

"Eya, yabwino imeneyo. Za kuntchito ndiye zimakhala zamphamvu."

"Kungoti bambo, kwenikweni amati sitimaloledwa..."

"Amati ndani? Mzungu wanuyo ali muno?"

Nyumba yonse kuseka. Dyson, uja amakonza mafoni a aliyense kutchalitchi, anaponyapo yake: "Man, ten minutes yokha. Laptop siidziwa kuti lero ndi Sunday." Mayi wina kumasitepe anati, "Iii, chinkhoswe chake chomwe akutikaniza? Paukwati ndiye adzatikaniza ndi madzi akumwa."

Ine ndinati, "Adadi, wanena kuti saloledwa."

"Iwe takhala chete, tikulankhula ndi akamwini."

Fumbani anandiyang'ana, anayang'ana carpet, anatsegula zipi. Ndinkadziwa chomwe chinali m'mutu mwake. Munthu wangolandiridwa kumene pabanja, akane apongozi pamaso pa mpingo wonse? Mawa nkhani ikafika ku Balaka kuti mkamwini wa ku England ndi wamwano. Anatsegula laptop ngati akutsegula bokosi lamaliro. Dyson anabaya flash.

Video yokha ndiye inali bho, ndisaname. Anabweretsa atsikana atawafunditsa zitenje kumutu kuti mwamuna asankhe wake, mng'ono wake wa Fumbani n'kukavundukula mwana wa eni ake wolakwika. Nthungululu m'nyumba mwathu mpaka aneba anagogoda khoma. Tambala ndi thadzi zinasinthanidwa, Nellie analandira lichero ndi mthiko akulira ngati wokwatiwayo ndi iyeyo. Koma ine theka la video sindinalione. Ndimayang'ana nkhope ya Fumbani, ndipo iye samayang'ana anthu ovina. Amayang'ana pakona pa screen.

Itangotha anaitenga laptop n'kundikodola kukhitchini.

"Doreen, yalowa."

"Chani chalowa?"

"Virus. Ka antivirus kanafiira, kenako kasowa. Ndikukayatsa, kakukana. Taona light iyi, ikungophethira yokha, ine sindikupanga kanthu."

"Ndiye uzimitse, mawa ukawauza."

Ndisanatseke pakamwa foni yake inalira. Text. Anawerenga, n'kutsamira fridge. Panja snow inali itayamba, ndipo kumapiri uko inali itagwa kale yambiri. Madzi anaundana polowera, turbine inazima yokha, mudzi wonse unali pa generator. Ndipo diesel wa mu generator ndi wa maola ochepa. Ntchito yake inali yoti alowe pa laptop pompo, aidzutse turbine. Pa laptop yomweyo, yodwalayo.

Dyson anali atatitsatira ndi mbale yake ya chicken. "Aaa, man, musadzipanikize. Lowani, konzani, mawa mubwere nayo kwanga ndikufomatireni. Palibe adziwe. Ine ma virus ndimadya nawo limodzi."

"Dyson, foni yanga unaikonza katatu ndipo mpaka pano imazima ndikamalankhula," ndinatero. "Tatuluka."

Sanatuluke. M'malo mwake analowanso adadi. "Kwagwanji kuno? Alendo akufuna kubwereza paja pa nkhuku."

"Palibe, bambo," anatero Fumbani.

Palibe! Abale. Munthu thukuta lili kamukamu m'nyengo ya snow, akuti palibe. Ine ndinaphulika, ndinafotokoza zonse, mwina mokweza kuposa mmene mwana amayenera kulankhulira ndi bambo ake. Ndinati aimbire bwana wake, a Thomas, awauze zoona.

Adadi anapukusa mutu. "Ayi ayi ayi. A Msiska, musaimbe. Ine ndakhalitsa kuno. Mzungu ukangomuuza kuti ndalakwa, wadzichotsa wekha ntchito. Chitani zomwe akunena Dyson. Kavideo ka nkhuku kangazimitse magetsi? Ndi liti?"

Fumbani anaima pakati, foni dzanja ili, laptop dzanja linalo. Kuimba, mwina ntchito yatha. Kusaimba, apongozi asangalala, koma Mulungu yekha adziwa zomwe zichitike kumudzi kuja. Ndipo munthuyo sangatsutse adadi ngakhale nyumba ikupsa.

Amene anatipulumutsa ndi Anti Zelipa. Amakhala khomo lotsatira, ndi nurse wa infection control, woona zopewa kufala kwa matenda kuchipatala, komanso ndi amene makolo anawasankha kukhala nkhoswe yathu kuno. Anabwera kudzasiya mbale mu sink, anamva zokwanira, anapukuta manja.

"Fumbani, ndiyankhe mwachidule. Ukailumikiza laptop imeneyi, matendawo apita kuti?"

"Mwina mu computer ya turbine, anti."

"Akakafika kumeneko?"

"Ikhoza kutitsekera panja tonse. Kapena kuuma. Sitingaonenso chomwe chikuchitika, ngakhale bwana amene."

"Ku care home kuja kuli anthu a pa oxygen?"

"Alipo."

"Nanga ukudikira chani?"

Adadi anati, "Alongo, ntchito ya mwanayu..."

"Achimwene, ine singano ya wodwala ikandibaya ku ward, sindibisa chala m'thumba. Ndimanena nthawi yomweyo. Amakalipa, inde. Amalemba, inde. Koma amene amamuchotsa ndi uja wabisa, n'kudzapezeka ena atadwala kale. Ndiye inu pitani kwa alendo anu. Izi zafika pa ankhoswe."

Mawu akuti ankhoswe ndi amene anagwira ntchito. Adadi anatuluka akung'ung'udza. Dyson anawatsatira ndi chicken yake.

Fumbani anaimba. Sanaike pa speaker koma tonse tinamva. "You did what? A wedding video?" Kenako mawu ena oti sindingalembe muno chifukwa kabukuka kamawerengedwa kutchalitchi. Fumbani amangoti "Yes, Thomas. Sorry, Thomas. I haven't connected it, Thomas." A Thomas anachita kupempha mlimi wina kuti awatenge pa thirakitala mpaka kumtsinje, anakaswa ice ndi manja, anadzutsa turbine ali pompo. Magetsi sanazime. Ataweruka anatumiza text yaifupi: laptop usaiyatsenso, ndipo usabwere kuntchito mpaka ndikuitane.

Sabata imeneyo ndiye musandifunse. Fumbani ali kwake, sakudya, akungoyang'ana foni. Kunyumba kwathu adadi akudutsa pafupi nane n'kumauza khoma kuti, "Ndinanena ine. Ana a masiku ano, chilungamo chambiri, nzeru zochepa." Ine ndili mu basi ya nambala 11 m'mawa uliwonse, ndikumutumizira ma text omulimbitsa mtima pamene ine mwini mtima ulibe. Palibe ngakhale m'modzi mwa anthu aja anadzaza pa masitepe amene anaimba kufunsa kuti zili bwanji. Anaimba m'modzi yekha, kufunsa ngati angapeze copy.

Lachiwiri a Thomas anaimba, osati kudzakhululuka ayi, amafuna password ya chinachake. Pocheza zinadziwika kuti plan yawo inali yoti laptop aiponye mu cupboard, agule ina, nkhani ithere pompo. Fumbani, poona kuti zake zaipa kale, analimba mtima. Anawakumbutsa za msonkhano wina wa chaka chatha m'town mu Birmingham, womwe a Thomas anachita ulesi kupitako n'kutuma iyeyo. Kumeneko kunalankhula mayi wina dzina lake Ann, wa ku ofesi ina ya boma yothandiza timakampani ting'onoting'ono ta magetsi ndi madzi pa nkhani ya chitetezo cha ma computer. Ananena kuti mukaona zachilendo tiimbireni msanga, thandizo lathu ndi laulere, sitibwera ndi unyolo. Number yake Fumbani anali nayo mu foni.

Mukudziwa a Thomas anati chani? Anati boma ukaliuza kuti pali vuto, wadziitanira wekha fine. Fumbani atandifotokozera ndinaseka mpaka anthu mu basi kundicheukira. Mzungu wa kumapiri ndi adadi anga a ku Balaka, sanaonanepo, koma nzeru imodzi.

Fumbani anawafunsa funso limodzi lokha: pa anthu anayife, ndani angalumbire kuti ma computer enawo ali bwino? Palibe ndi m'modzi yemwe. Pa anayiwo wina ndi wa mawaya, wina wa ma bill, a Thomas ndi a chilichonse chotsala, wachinayi ndi Fumbani yemweyo. IT department kulibe. A Thomas anang'ung'udza, koma anamuimbira Ann.

Ann anapita kaye kumudzi kuja, anatenga laptop, anayeza ma computer onse. Lachinayi madzulo anabwera kwathu ku Erdington chifukwa amafuna flash yeniyeniyo. Adadi atamva kuti kukubwera wa boma anavala tayi. Ann anafika ndi ma boots onyowa, anawavula pakhomo yekha osauzidwa, amami n'kumukonda pompo. Anti Zelipa analipo, Fumbani anali pa ka stool kake.

Ann anafunsa mwaulemu kuti flash ili kuti.

Tonse tinayang'anana.

Inali kwa Dyson. Anthu inu. Lamulungu lomwe lija, ife tikulimbana ndi moto kukhitchini, Dyson anaitenga kuti akakopere anthu. Kuchokera kwa Dyson inapita kwa mayi ena ku Wolverhampton, amene anaipereka kwa alamu awo. Kuwaimbira alamuwo, akuti ili mu handbag, ali pa bus stop, akupita ku night shift ndipo amati akaonetse anzawo pa break, pa computer ya ku ward.

Anti Zelipa anandilanda foni. "Mayi, ndi Zelipa. Flash imeneyo isatuluke mu handbag. Mukangoibaya kuchipatala, mawa mukumana ndi ine ku ofesi, osati ngati mnzanu wa kwaya. Mwamva?" Kenako anakhala pansi n'kuyamba kuimbira aliyense amene flash inagona kwawo, m'modzim'modzi, ngati mmene amachitira kukabuka matenda ku ward. Ann amangowayang'ana. Anati ku ofesi kwawo angawalembe ntchito mawa lomwe.

Adadi anakonza tayi, n'kulankhula English yawo ija ya ku staff room. Ndiika m'Chichewa. Anati, "Mayi, ine kwathu ndinali mphunzitsi, si munthu wosadziwa zinthu. Tandiuzani. Video ya nkhuku ndi anthu ovina ingazimitse bwanji magetsi?"

Ann sanaseke. Anati video ilibe mlandu. Vuto ndi ka programme kobisala pa flash, kosaoneka, kamene kamadumphira mu computer ukangobaya, usanatsegule chilichonse. Mwina kanachokera pa computer ya ku studio, pomwe aliyense amabayapo yake, ndipo mwini studio naye sakudziwa. Anawonjezera kuti asaganize kuti ndi matenda a ku Malawi, chifukwa nyengo yomweyi kavuta m'maofesi ambiri konkuno ku England.

"Chabwino," anatero adadi. "Koma kakanachita chani?"

Ann anati anakayesa pa computer yoyeserera ku ofesi kwawo, yosalumikizidwa kulikonse. Sipanatenge nthawi, kanayamba kufunafuna ma computer ena oti kalowemo, kakuyesa ma password mpaka ma account onse anatsekeka. Anati Fumbani akanalumikiza Lamulungu lija, zikanatheka kuti computer yoyendetsa turbine iwatsekere panja onse. Okonza zimenezo amachokera kutali, misewu inali yotsekeka ndi snow, diesel akutha. Anati sanganene motsimikiza kuti magetsi akanazima, koma iyeyo sakanafuna kuti mayi ake akhale ku care home imeneyo usiku umenewo.

Anafotokozanso chifukwa chake ofesi yawo ilipo. Makampani akuluakulu ali ndi anthu awo olondera ma computer usana ndi usiku. Ang'onoang'ono a kumidzi alibe, munthu m'modzi ndi yemwe amakwera pa pole, kuyankha foni ndi kukonza printer. Koma magetsi awo akazima, anthu ake amazizidwa chimodzimodzi. Ndiye boma limawathandiza kuyeza ma computer, kuphunzitsa antchito, ndi kuwachenjeza msanga kukabwera virus yatsopano. "Koma sitingathandize munthu amene sanatiuze," anatero.

Adadi anatsokomola pang'ono. Ndinaganiza kuti mwina lero ndimva mawu oti pepani kuchokera pakamwa pawo, koyamba chibadwire. Anayang'ana kapu ya Ann n'kunena kuti, "Doreen, tiyi wa alendo wazizira."

Basi. Ndi zomwezo.

Ann atapita, Anti Zelipa anamuitanira Fumbani pakhonde, ine ndikumvera pa chitseko, sindibisa.

"Iwe, ulemu wako ndi wabwino, koma unakaika anthu a eni ake pangozi chifukwa choopa kunena kuti ayi. Ukuganiza kuti ankhoswe anatiikira chani? Kudya nkhuku basi? Apongozi sukangana nawo wekha, zoona. Umandikodola ine, ine ndikawauza. Tsiku lija ukanangondiyang'ana, ndikanati achimwene, chikwamacho chisiyeni, ndipo video tikanakaonera kwanga."

"Kwanu kuli computer, anti?"

"Ilipo. Palibe anandifunsa."

Ndinangogwira kumutu. Khomo lotsatira. Khoma limodzi.

Lachisanu a Thomas anamuitana Fumbani. Ndinapempha half day n'kumuperekeza, ndinakhala mu galimoto panja pa ka ofesi kawo, ndikuyang'ana nkhosa. Analowa ngati akupita kokazengedwa mlandu. Atatuluka nkhope yake sinkawerengeka, mpaka analowa mu galimoto n'kutseka chitseko.

"Written warning," anatero.

"Ndiye?"

"Ndiye Monday ndibwere pa eight."

Ndinamumenya paphewa kaye, chifukwa chondisunga m'mwamba, kenako ndinalira.

Zinadziwika kuti Ann anawauza a Thomas mosapsatira. Anati lamulo linaswedwa, chilango chikhalepo, zimenezo ndi zanu. Koma mukachotsa munthu amene wanena yekha asanalumikize, wotsatira adzabisa, ndipo tsiku limenelo simudzaimbiridwa foni, mudzangoona mdima. Komanso a Thomas nawo anapatsidwa homework yawo. Anthu onse anayi amagwiritsa password imodzi, ndipo inali dzina la galu wa a Thomas, galu woti mudzi wonse umamudziwa. Ndiye sanapitirize kukalipa kwambiri.

Panopa kakampani kaja kanasintha. Ofesi ya Ann inawathandiza kupeza laptop ya on call yomwe mabowo ake a flash ndi otseka, ngakhale apongozi atalamula bwanji siingalowe. Aliyense ali ndi password yake. Anawachititsa training ya tsiku limodzi, a Thomas anakhala kutsogolo. Anawalowetsanso m'gulu la timakampani tina ta kumidzi tomwe timachenjezana kukakhala vuto, ndipo number yoimba zikavuta ili mu foni ya aliyense. Onse amene flash yathu inagona kwawo anauzidwa mmene angatsukire ma computer awo. Dyson yake inapezeka ndi ma virus ena oti ngakhale Ann anati sanawaonepo.

Video anatibwezera pa DVD, yoyera. Ann anati anaionera pang'ono poyeza, ndipo anandifunsa kuti pa atsikana ofunda zitenje aja ine ndi uti. Ndinati palibepo, ine ndinali ku Erdington. Anandiyang'ana, anati okay, sanafunsenso.

Adadi mpaka lero pepani sananene. Koma Lamulungu lapitali, titaweruka ku service, Fumbani anali on call, chikwama chili pamapazi ake mu hall. Ndinaona Dyson akubwera, flash ina ili m'manja, akuti muli nyimbo zatsopano za kwaya ya kumudzi, tingomvera imodzi. Fumbani anayamba kale kuyang'ana uku ndi uku kufuna Anti Zelipa. Asanawapeze, adadi anasuntha mpando wawo, anaika phazi kutsogolo kwa chikwama.

"Dyson, m'chikwamamu muli magetsi a eni ake. Kaiyezetse kaye imeneyo."

Ndiye abale anga a kuno, makamaka inu ogwira ntchito kumagetsi, kumadzi, kuchipatala ndi m'ma care home, mfundo ndi iyi. Computer ya kuntchito si ya pabanja. Flash yochokera kulikonse, kaya kumudzi, kaya kutchalitchi, isalowemo, ndipo ya kunyumba muziyamba mwaiyeza ndi antivirus. Inu makolo ndi apongozi, mwana akati sindiloledwa, musamuchititse manyazi pagulu, chifukwa kumbuyo kwa laptop imeneyo kuli anthu oti simudzawaona. Zikalakwika, musalumikize, musafomate mwakabisira, nenani nthawi yomweyo. Ndipo ngati kampani yanu ndi yaing'ono, funsani za thandizo la boma vuto lisanafike, musaope kuti mukudziitanira chilango. Fumbani ntchito ali nayo lero chifukwa anaimba foni asanalumikize. Ukwati ulipo mu August, nonse mwaitanidwa, ndipo video yake idzakhala pa DVD.